Kodi ndingaimbe bwanji m'tchalitchi pamene wantchito wa mkulu wa mpingo akugona ndi njala?

Mayi ena anditumizira imelo yaitali, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera bola ndisawatchule dzina. Iwo ali m'gulu lofalitsa uthenga pa mpingo wawo, lija limayenda khomo ndi khomo. Tsiku lina analowa m'nyumba ina n'kupeza kuti bambo wa pakhomopo wagwira ntchito miyezi ingapo osalandira malipiro, ndipo bwana wosalipirayo ndi mkulu wa mpingo wawo womwewo, munthu wodziwika ndi zopereka zikuluzikulu. Atakanena kwa atsogoleri anauzidwa kuti ntchito ya gululo ndi kukopera anthu kwa Yesu, za malipiro n'za kuntchito. Chiyambire tsikulo, akuti nyimbo zikumawatsamwa pakhosi. Mafunso awo ndi awiri. Kodi kulankhulira oponderezedwa ndi mbali ya utumiki, kapena n'kulowerera za eni? Nanga chimwemwe chimene timalalikira kuti Mkhristu azikhala nacho nthawi zonse, si kungotseka maso dala?

Mayi, tiyeni titsegule kaye Machitidwe 16, chifukwa mafunso anu onse awiri akuyankhidwa mu usiku umodzi wa ku Filipi.

Paulo ndi Sila sanamangidwe chifukwa cha ulaliki weniweni. Panali mtsikana, kapolo, amene anali ndi mzimu wolosera, ndipo ambuye ake ankapha naye makwacha... ayi, ndinene bwino, ankalemera naye kwambiri. Paulo atatulutsa mzimuwo, eni akewo anaona kuti gwero la ndalama lauma, ndipo m'pamene anawaduduluzira kubwalo. Taonani kuti pamaso pa oweruza sanatchule n'komwe za ndalama. Anati anthuwa ndi Ayuda, akusokoneza mzinda, akuphunzitsa miyambo yosaloledwa kwa Aroma. Wodyera mnzake masuku pamutu akagwidwa, kawirikawiri amasintha mutu wa nkhani n'kuyamba kudandaula za mtendere ndi dongosolo. Awiriwo anavulidwa, anakwapulidwa ndi ndodo, anaponyedwa m'chipinda cham'kati cha ndende, miyendo n'kuimanga m'matangadza. Pakati pa usiku, misana ikutuluka magazi, ankapemphera ndi kuimbira Mulungu nyimbo, akaidi anzawo akumvetsera.

Alaliki ambiri amafika pa chivomezi, pa woyang'anira ndende wofuna kudzipha, pa ubatizo wa banja lake lonse, n'kutseka Baibulo. Koma pitirizani mpaka vesi 37. Kutacha, oweruza anatuma asilikali kuti akawatulutse mwakachetechete. Paulo anakana. Anati tamenyedwa pagulu popanda kuzengedwa mlandu, chikhalirecho ndife nzika za Roma, ndiye lero akufuna kutitulutsa mobisa? Abwere okha adzatitulutse. Oweruza aja anachita mantha, anabweradi n'kudzawapepesa. Pakamwa pomwe panatuluka nyimbo pakati pa usiku m'pomwenso panatuluka mawu oti akuluakulu a mzinda aphwanya lamulo ndipo ayenera kuonekera. Paulo sanaone kuti pafunika kusankhapo chimodzi. Ine ndimaganiza kuti ankaganiziranso kampingo kakang'ono kamene kanali kukumana kwa Lidiya, mayi wa ku Filipi komweko amene anali atangokhulupirira: akanachoka mozemba ngati opalamula, otsalawo akanakhala anthu oti aliyense angathe kuwamenya nthawi ina iliyonse. Izi ndi maganizo anga chabe, lembalo silinena chifukwa chake.

Choncho pa funso loyamba sindizungulira. Atsogoleri anu alakwitsa. Yesu poyamba utumiki wake m'sunagoge wa ku Nazarete anawerenga Yesaya, za uthenga wabwino kwa osauka ndi za kumasula oponderezedwa (Luka 4). Chilamulo cha Mose chinkaletsa kugona ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa (Levitiko 19:13), ndipo Deuteronomo 24 akupereka chifukwa: munthuyo ndi wosauka, mtima wake wonse uli pa ndalamayo. Yakobo 5:4 akuchita kunena kuti malipiro obedwa a okolola m'minda amafuula okha, ndipo kufuulako kumafika m'makutu a Ambuye. Palibe ndale apa. Ili ndi tchimo la m'bale wa mumpingo, ndipo mpingo umene umaitana mtsikana wotenga mimba kuti akaonekere pamaso pa akulu, koma n'kunena kuti bwana wosalipira antchito ndi nkhani ya kuntchito, wasankha machimo oti uziwaona.

Pali chinthu china cha m'mbiri chimene chimandiziziritsa nkhongono ndikachikumbukira. Mu 1807 ku London kunasindikizidwa Baibulo lodulidwa loti azigwiritsa ntchito pophunzitsa akapolo a kuzilumba za West Indies zolamulidwa ndi Britain. Anachotsamo mbali yaikulu ya Chipangano Chakale, kuphatikizapo nkhani ya Aisraeli kuthawa ukapolo ku Iguputo. Anachotsanso Agalatiya 3:28, pamene pamati mwa Khristu mulibe kapolo kapena mfulu. Anasiyamo mavesi ouza akapolo kumvera ambuye awo. Anthu amene anachita zimenezi ankadzitcha ofalitsa uthenga. Chaka chomwecho cha 1807 m'pamene nyumba ya malamulo ya ku Britain inathetsa malonda a akapolo, pambuyo pa zaka zambiri phungu William Wilberforce ndi anzake akugonja n'kubwereranso, nawonso chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Baibulo limodzi, dziko limodzi, chaka chimodzi. Masiku ano palibe amene amadula masamba ndi lumo, timangodziwa mavesi oti tisamawalalikire Lamlungu limene wolemera wakhala kutsogolo.

Mkangano umene muli nawo ndi atsogoleri anu si wachilendo, ndipo atsogoleriwo mwina angamve bwino mutawauza zimene zinachitika ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, mu July 1974. Kumeneko Billy Graham, mlaliki wotchuka wa ku America, anaitanitsa msonkhano waukulu wa alaliki ndi amishonale ochokera m'mayiko pafupifupi 150. Sunali msonkhano wa anthu andale, unali wa anthu amene moyo wawo wonse unali kulalikira. Koma René Padilla wa ku Ecuador ndi Samuel Escobar wa ku Peru anaimirira n'kutsutsa uthenga wopulumutsa mzimu uku ukusiya munthuyo m'manja mwa womupondereza. Pangano limene linatuluka, lomwe John Stott, mbusa wa ku England, anatsogolera polemba, lili ndi ndime yachisanu pamene nthumwizo zinalapa chifukwa choti nthawi zina zinkaona kulalikira ndi kusamala za chilungamo ngati zinthu zosayendera limodzi. Kunena zoona, pangano lomwelo linatinso kulalikira kuli patsogolo. Ine sindikutsutsana nazo. Kukhala patsogolo sikutanthauza kukhala pawekha. Ndipo tangoganizani, Mayi: mudzabwereranso pakhomo paja ndi timapepala ta uthenga, bambo uja n'kukufunsani kuti mumapemphera kuti, inu n'kutchula mpingo umene bwana wake amagawa mgonero. Adzamva chiyani?

Funso lachiwiri ndi limene landigwira mtima, chifukwa m'mawu anu ndamvamo kutopa.

Pali chimwemwe chabodza, ndipo mwachita bwino kuchikana. Ndi chija chimauza wolira kuti angotamanda basi, ngati kuti misozi yake ikuipitsa mapemphero. Mneneri Amosi anafika ponena kuti Mulungu wanyansidwa ndi madyerero a anthu ake, sakufunanso kumva phokoso la nyimbo zawo, akufuna chilungamo chiyende ngati madzi (Amosi 5). Ndiye ngati nyimbo zikukutsamwani, mwina chikumbumtima chanu chikugwira ntchito bwino. Masalimo ambiri ndi madandaulo, ena okalipa zedi, ndipo ali m'buku la nyimbo la anthu a Mulungu. Simunachimwe posaimba.

Koma musakhale pamenepo mpaka kalekale. Ndaona anthu amene anayamba bwino polankhulira osauka, kenaka mkwiyo n'kuwadya mpaka kutsala opanda china cholankhula koma zolakwa za ena. Amayamba kudana ndi wopondereza, kenaka ndi onse okhala chete, mapeto ake ndi osauka omwewo chifukwa sakuyamika mokwanira. Mkwiyo umadzutsa munthu, koma suthandiza kuyenda ulendo wa zaka makumi awiri.

Werengani Nehemiya 5 kenaka 8. Ntchito yomanganso linga la Yerusalemu ili mkati, adani akuopseza, anthu wamba anayamba kulira kuti apinyolitsa minda ndi nyumba kuti apeze tirigu, akongola ndalama zolipirira msonkho wa mfumu, ndipo ana awo aakazi ena atengedwa kale ukapolo ndi Ayuda anzawo. Nehemiya akanatha kunena kuti abale, ntchito ya Mulungu ithe kaye. Sanatero. Anapsa mtima, anasinkhasinkha, kenaka anaitanitsa msonkhano waukulu n'kulamula olemerawo kubweza minda tsiku lomwelo, n'kuwalumbiritsa pamaso pa ansembe. Lingalo linathabe m'masiku 52. Mutu 8 m'pamene pali mawu amene timakonda kulemba pa makalendala, oti chimwemwe cha Yehova ndiye mphamvu yanu. Koma vesi lomwelo likuwauza kuti akadye, akamwe, ndipo atumizeko chakudya kwa amene alibe chokonzeratu. Chimwemwe cha m'Baibulo chimafunsa kuti kodi mnzathu uja wadya.

Chimwemwe chotere chimachokera pa kudziwa kuti mawu omaliza si a bwana wosalipira, si a atsogoleri okhala chete, ngakhale inuyo si anu. Munthu akadziwa kuti dziko silinasenzetsedwe pa mapewa ake, amatha kugwira mbali yake usana n'kugona tulo usiku. Kalata ya Afilipi, imene imabwerezabwereza kuti kondwerani, Paulo anailemba ali m'ndende, ndipo ankalembera mpingo womwewo umene unaona mabala ake.

Desmond Tutu ambiri timamukumbukira akuseka chikhakhali ndi kuvina atavala mkanjo wake wa ubishopu. Munthu yemweyo, akutsogolera bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lofufuza nkhanza za m'nthawi ya tsankho ku South Africa, mu 1996, anagwetsa mutu pa tebulo n'kulira pomva umboni wa munthu wozunzidwa. Sanali anthu awiri. Óscar Romero, mkulu wa mabishopu ku San Salvador m'dziko la El Salvador, ankawerenga pa ulaliki wa Lamlungu mayina a anthu ophedwa ndi osowa sabata imeneyo, wailesi n'kumaulutsa dziko lonse. Pa 23 March 1980 anapempha asilikali m'dzina la Mulungu kuti asiye kupha abale awo. Tsiku lotsatira anawomberedwa akuchita Misa m'kachalitchi ka pachipatala. Chimene chimandikhudza n'choti sanasiye guwa kuti akamenyere chilungamo, komanso sanasiye mayina aja panja polowa m'tchalitchi.

Inu simunaitanidwe kukafa. Nkhani yanu ndi ya malipiro a miyezi ingapo, ndipo ili ndi njira zake.

Yambani ndi banja lija. Bwereraniko opanda timapepala, mukhale pansi, mufunse zimene iwowo akufuna. Mwina akuopa kuchotsedwa ntchito dzina lawo likatchulidwa. Mwina akufuna wowaperekeza ku ofesi yoona za antchito. Mwina pali antchito anzawo amene ali m'vuto lomwelo. Musalankhule m'dzina lawo asanakuloleni, chifukwa zikavuta inu mudzabwerera kunyumba kwanu, iwo ndi amene adzatsale pamoto. Funsaninso kuti ndi miyezi ingati, ndalama zingati, pali cholembedwa chilichonse. Chilungamo chimafunanso kuti bwanayo amvedwe: mwina bizinesi yake yagwa, ngakhale kuti zikakhala choncho chopereka chachikulu cha Lamlungu chikufunika kufotokozedwa.

Kenaka tsatirani Mateyu 18. Wina alankhule ndi mkuluyo pamaso, osati m'gulu la WhatsApp kapena pa Facebook, kumene munthu akachititsidwa manyazi amangouma mutu. Akakana, pitani awiri kapena atatu. Akakanabe, lemberani akulu a mpingo kalata yaulemu yotchula zimene mukudziwa ndi lemba la Yakobo 5, ndipo musunge kope lanu. Mutu umodzi susenza denga, choncho pezani mnzanu mmodzi kapena awiri m'gulu lanu lija. Mudzadabwa kuti ena anaona kalekale koma ankadikira woyamba kulankhula.

Pamene izi zikuyenda, banjalo likufunika kudya. Athandizeni. Koma chenjerani ndi chinthu chimene mipingo timachita mwaluso: kusonkha thandizo la banja losauka, bwanayo n'kuponyamonso kangachepe, aliyense n'kuomba m'manja, ngongole ya malipiro ili chikhalire. Thandizo ndi mphatso, malipiro ndi ngongole, ndipo mphatso sibweza ngongole.

Mwafunsanso kumapeto kwa imelo ngati muchoke m'gulu lofalitsa uthenga. Ine ndinganene kuti musachoke tsopano. Munthu amene walowa m'nyumba n'kuona zimene mwaonazo ndi amene gululo likumusowa, ndipo mukachoka mwakachetechete atsogoleri adzapuma mpweya wabwino. Ngati mutatsata njira zonsezi mpingo n'kusankha poyera kuteteza chopereka m'malo mwa wantchito, imeneyo idzakhala nkhani ina, ndipo mudzandilemberenso tidzakambirane. Koma ndikufuna ndimve kaye zimene bambo uja ndi akazi ake adzakuyankheni mukakawafunsa chimene akufuna.