Wotchi ya Seiko yoonetsa mwezi: agule kapena asagule?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga ali ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti wapeza wotchi ya Seiko Spring Drive yoonetsa kakulidwe ka mwezi pa tsamba lina la ku Japan logulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Wogulitsayo akuti makina ake ndi 5R67, ndipo mawotchi a mtunduwu anapangidwa 200 okha. Mtengo wake akuti ndi wodula mutu. Mafunso a bamboyo ndi atatu: imafuna batire? Mwezi wakewo ndi wolondola? Agule?

Achimwene, batire mulibe. Muli sipuling'i yomwe imadzikunga yokha mukamayendetsa dzanja, ndipo ikakungika bwino imayenda maola 72 ili pa tebulo. Chosiyana ndi mawotchi ena a sipuling'i ndi mmene imasungira nthawi. Sipuling'iyo imazunguza kagudumu kamene kamayenda maulendo 8 pa sekondi, kagudumuko kamapanga timagetsi tochepa kwambiri, timagetsito timadzutsa kamwala ka quartz, kamene kamanjenjemera pa liwiro losasintha, ndipo kamwalako kamalamula maginito kuti azigwira buleki kagudumu kaja kakafuna kuthamanga. N'chifukwa chake muvi wa masekondi sudumpha, suchita the-the-the, umangoyenda myaa. Imaphonya pafupifupi sekondi imodzi pa tsiku.

Nzeruyi anaiyamba ndi injiniya Yoshikazu Akahane mu 1977. Zinatenga zaka zoposa 20. Mawotchi oyamba anafika pamsika mu 1999, mwini wake atamwalira chaka chapita chomwecho. Amawapangira ku Shiojiri, m'chigawo cha Nagano. Kwa ine, ndalama zanu zikupita pamenepa, osati pa mwezi.

Za mwezizo n'zokongola, koma si zozizwitsa. Kuchokera pamene mwezi wakhala kufika pamene udzakhalenso pamapita masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44. Mawotchi ambiri oonetsa mwezi ali ndi kagudumu ka mano 59 kojambulidwa miyezi iwiri, ndipo dzino limodzi limasuntha tsiku lililonse. Ndiye kuti mwezi wa pa wotchi ndi wa masiku 29 ndi theka basi. Mphindi 44 zotsalazo zimaunjikana mpaka kukwana tsiku lathunthu pakatha zaka 2 ndi miyezi pafupifupi 8. Alipo ena a mano 135 amene amaphonya tsiku limodzi pa zaka 122, koma musavutike nazo. Mukangoivula Lachisanu n'kudzaikumbukira Lachitatu, yaima kale, ndipo mwezi muyenera kuutcheranso ndi manja. Potchera werengani kabuku kake kaye, chifukwa mawotchi ambiri safuna kugwidwa usiku pamene mano a mkati alumana.

Pali china chimene wogulitsa sangakuuzeni. Mawotchi ambiri otere amajambula mwezi mmene umaonekera kumpoto kwa dziko lapansi. Ku Tokyo mwezi ukamakula umawala mbali ya kumanja. Ku Johannesburg umawala mbali ya kumanzere, ndipo kwathu ku Malawi kamwezi kongokhala kumene kamaoneka ngati kagona chagada. Masiku adzakhala olondola, koma chithunzicho chidzakhala chotembenuka. Msodzi wa usipa ku Mangochi, amene amadikira mdima kuti nyali zake zikoke nsomba, angakusekeni kuti mukufunsa dzanja pamene kumwamba kulipo.

Tsopano za kugula. Mawu oti "anapanga ochepa" asakuthamangitseni magazi. Kusowa kwa chinthu sikutanthauza kuti mtengo wake udzakwera. Uzani wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa wotchi, pooneka nambala yake, komanso bokosi ndi mapepala ake. Pemphani kavidiyo koonetsa muvi wa masekondi ukuyenda. Ukamadumpha ngakhale pang'ono, thawani. Funsaninso kuti inathiridwa mafuta liti, chifukwa makina a 5R67 ndi a zaka za m'ma 2000 ndipo mafuta amauma ngakhale wotchi ikungokhala m'kabati.

Apa ndi pamene ambiri saganizirapo. Spring Drive ikadwala si yopita nayo kwa wokonza mawotchi wa pamsika, ngakhale atakhala waluso chotani. Iyenera kupita kwa a Seiko eni ake, mwina mpaka ku Japan, ndipo mudzadikira. Musanalipire lembani kalata ku ofesi yawo yokonza mawotchi, muwafunse ngati makina amenewa akuwalandirabe. Pa mtengo wonjezeranipo za kutumiza, inshulansi ndi msonkho wa pa chipata.

Ngati chakukopani ndi mwezi wokha, onani Orient Star. Nayonso ndi ya ku Japan, yakhala ikupanga mawotchi a sipuling'i oonetsa mwezi kuyambira 2017, ndipo mtengo wake ndi wotsika kutali. Ngati ndi muvi woyenda myaa uja umene ukukusowetsani tulo, mapepala ali bwino, a Seiko avomera kuikonza, ndipo ndalamazo si za fizi ya ana, gulani.