Kodi mizere yopanda nkhope inkatsutsa boma?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera kuti m'sutikesi ya malemu bambo ake wapezamo chithunzi chodinda cha m'ma 1980, cha mizere yakuda yopingasana, chopanda munthu kapena nyama, ndipo akufunsa ngati kumeneko kunali kutsutsa boma la Kamuzu mobisa.

Funso lanu, mayi, landikumbutsa golosale ya amalume anga pa boma la Thyolo. Masiku amenewo sitolo iliyonse inkayenera kupachika chithunzi cha Ngwazi, ndipo palibe chinthu, ngakhale wotchi, chimene chinkaloledwa kukhala pamwamba pake. Kuseri kwa chitseko amalume anapachikako pepala limene mnzawo anabwera nalo kuchokera ku Joni, lodindidwa ndi thabwa logoba, inki yake yokhuthala moti ukaligwira mizere inkamveka m'zala. Achiswe, anyamata a chipani cha Kamuzu aja, akabwera kudzaona makadi a chipani ankaliyang'ana n'kuseka, amvekere mwana wawononga pepala. Amalume sankayankha, ndipo sanatiuzepo chimene ankaonamo. Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti mizereyo inali zitsulo za ndende, pamene amayi anga mpaka lero amati inali mizere ya tiyi chabe.

Komabe ndikana kunena kuti chithunzi chilichonse chosaoneka mutu wake chinali kulimba mtima. Lamulo la 1968 limene linakhazikitsa Censorship Board, bungwe lounika ndi kuletsa zofalitsidwa, linkasaka kwambiri mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisudzo, n'chifukwa chake alakatuli a ku Chancellor College anaphunzira kubisa mawu m'nthano ndi m'mafanizo, ngakhale kuti zimenezi sizinamupulumutse Jack Mapanje, amene anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991. Wojambula mizere analibe mlandu woti amugwire nawo, ndipo mwina analibenso womumva.

Kunja nakonso nkhani sinali imodzi. Ku Moscow, kumene boma linkalamula kajambulidwe koyenera, zithunzi zosavomerezeka zinagumulidwa ndi mathirakitala pa chionetsero cha pabwalo mu Seputembala 1974. Koma ku Spain boma la Franco linkatumiza lokha zithunzi zopanda nkhope ku zionetsero za ku Venice pofuna kuoneka ngati lotsogola. Mizere yomweyo kwina inali mlandu, kwina chokometsera wopondereza. Ine sindigwirizana ndi akatswiri amene lero akuona ndale pa dontho lililonse la inki, chifukwa akupereka ulemu wa omenyera ufulu kwa aliyense amene sanalankhule, pomwe ena anafera kulankhula. Chimene ndimavomereza n'chakuti m'dziko limene nkhope imodzi inali pa ndalama, pa khoma ndi pa chitenje cha mbumba, kusankha kudinda chinthu chopanda nkhope kunali kukana kuyamika, ndipo popeza thabwa limodzi limatulutsa mapepala ambiri, kukanako kunkatha kuyenda m'manja mwa anthu mwakachetechete.

Chithunzi chanucho muchiyang'ane m'munsi ndi kuseri. Mukapeza dzina, chaka, kapena manambala a pensulo monga 3/10, ndiye kuti ndi chachitatu mwa khumi, ndipo zinazo mwina zili kwa anthu ena amene angadziwe zambiri. Mufunsenso achibale ngati bambo anachipachikapo kapena chinkangokhala chobisika. Musachipinde, ndipo muchichotse m'sutikesimo chiperoni chisanachichititse nkhungu.