Funsani Ankolo: Candyman ija muli ndale kapena ndi yongoopseza?

FUNSO: Ankolo, takangana ndi mnzanga titaonera Candyman ya 1992 ija. Iye akuti ndi filimu yongoopseza basi, njuchi ndi magazi, ine ndikuti muli nkhani ya tsankho. Akunena zoona ndani? Ndine mwana wanu wa ku Zomba.

YANKHO: Mwanawe, walasa ndiwe. Filimuyi inachokera pa kankhani ka Clive Barker kotchedwa The Forbidden, ndipo mmenemo zonse zikuchitikira ku Liverpool, pakati pa opeza bwino ndi amphawi. Bernard Rose popanga filimu anaisamutsira ku Chicago, m'mafulati a boma a Cabrini-Green momwe munadzaza anthu akuda osauka, ndiye kungosamutsako nkhani yonse inasanduka ya khungu. Mzukwa wa m'filimuyi, Candyman, anaupatsanso mbiri, mwana wa kapolo, katswiri wojambula, yemwe anapatsa mimba mwana wa mzungu, gulu nkumudula dzanja, kumupaka uchi, njuchi nkumumaliza.

Koma ine pomwe pamandiwawa si pa mbedza yomwe mzukwawo umaphera anthu ayi. Mayi wachikuda akuphedwa mufulati mwake, apolisi aimbiridwa foni koma palibe chochitika, kenako Helen, mzungu wa ku yunivesite uja wobwera ndi kamera kudzafufuza, angomenyedwa m'chimbudzi, pompo apolisi ali balala malo onse ndipo wommenyayo wagwidwa. Helen yemwe akuzidandaula yekha zimenezi. Ndipotu za m'filimu zija zoti wopha mayiyo analowera pa kabati ya m'bafa sizopeka, mu 1987 mayi wina anaphedwadi m'mafulati ena a boma ku Chicago konko, zigawenga zinalowera pa bowo la kuseri kwa galasi la m'bafa chifukwa cha mmene nyumbazo anazimangira, iye anaimba foni, apolisi anafika nkungogogoda nkubwerera, mtembo unapezeka patapita masiku awiri. Ndikaganiza zimenezo mtima umandisweka kuposa mzukwa uliwonse.

Komanso usaikweze kwambiri filimuyi, ili ndi pake polakwa. Munthu anaphedwa ndi azungu, nanga bwanji akuzunza akuda anzake a m'mafulati? Ndipo nkhani yonse tikuionera m'maso mwa Helen, eni malo akungokhala ngati zothandizira ulendo wake, uku mwamuna wakuda akusakasaka mkazi wachizungu, chithunzi chomwe chija ankachigwiritsa ntchito popha akuda ku America. Tony Todd anasewera ngati Candyman mwaulemu ndi mawu ake akuya aja, koma vutolo silinachoke.

Nchifukwa chake ya 2021 ya Nia DaCosta inabwereranso ku Cabrini-Green, nsanjika zitagwetsedwa kale, yomaliza mu 2011, pamalopo patamangidwa nyumba zodula, ndipo ulendo uno nkhani ikuchokera kwa akuda eni ake. Mnzakoyo muitane Loweruka muonere zonse ziwiri motsatizana, ukafika pa apolisi paja uimitse kaye umufunse kuti akuona chani.