Kuchotsa sulufule mu dizilo: kodi mapepala a boma angathandize?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo kuti akulemba pepala la ku yunivesite la mmene amachotsera sulufule mu dizilo, koma majenulo ambiri akufuna alipire kaye, ndiye akufunsa ngati zikalata za boma zingamuthandize.

Achimwene, zingakuthandizeni kwambiri, bola musathamangire lamulo lenilenilo chifukwa mmenemo mupezamo manambala ndi madeti basi. Mwachitsanzo ku America bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA linalamula mu December 2000 kuti sulufule wa mu dizilo wa magalimoto a pamsewu atsike kuchoka pa 500 ppm (magawo 500 pa miliyoni) kufika pa 15 ppm kuyambira 2006, pomwe ku EU anafika pa 10 ppm mu 2009. Zimenezo mungazipeze paliponse.

Chomwe mukufuna inuyo ndi chikalata chomwe chimatuluka limodzi ndi lamulolo, amachitcha Regulatory Impact Analysis, ndipo chili pa intaneti ulele. EPA imayenera kuonetsa kuti zomwe ikulamulazo ma refinery (mafakitale oyenga mafuta) angazikwanitse, ndiye mainjiniya ake amafotokoza zonse, kuti dizilo amamusakaniza ndi hydrogen pa kutentha kwa madigiri 300 mpaka 400 Celsius, nkumudutsitsa pa catalyst (chinthu chofulumizitsa ntchito yochotsa sulufuleyo) ya cobalt ndi molybdenum kapena nickel ndi molybdenum, sulufule uja nkutuluka ngati mpweya wa hydrogen sulfide. Koma pokoma penipeni mpomwe akufotokoza chifukwa chake sulufule wotsala kumapetoyo amavuta chonchi, pali kanthu kena kotchedwa 4,6-dimethyldibenzothiophene komwe sulufule wake amakhala wobisika moti catalyst imalephera kumufikira, ndipo kamachuluka mu light cycle oil, mafuta ena otuluka pophwanya mafuta olemera mu refinery, nchifukwa chake refinery yomwe imathira mafuta amenewa mu dizilo imafuna hydrogen wambiri ndi presha yokwera. Werenganinso Regulatory Impact Analysis ya 2004 ya dizilo wa mathirakitala ndi makina omangira.

Chenjerani pawiri. Mapepalawa ndi akale, mitengo ili mmenemo musaikope ngati ya lero, komanso njira zina zomwe ankaziyamikira, monga S Zorb ya kampani ya mafuta ya Phillips, pa dizilo sizinapite patali. Chachiwiri, wolemba ndi yemweyo wofuna lamulo lidutse, ndiye mufufuzenso pomwe EPA ikuyankha ndemanga za makampani a mafuta, mkangano wake umakhala wotentha ndithu ndipo aphunzitsi anu adzaona kuti mwamva mbali zonse.