Kuoda katundu kunja: chithunzi chabwino ndi mbali ya mpamba

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri: kuti geni yokaoda katundu kunja imayenda bwanji, komanso ngati kulipira katswiri wojambula zithunzi si kuseweretsa mpamba, poti foni ya kamera muli nayo kale. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa kwa ine nkhani yake ndi imodzi.

Kayendedwe ka geniyi sikavuta kufotokoza. Mumasonkhanitsa mpamba n'kuusintha kukhala ndalama yakunja, kawirikawiri madola kapena marandi, ndipo posinthapo pamaduka kale kenakake. Kenako mumapita kumene katundu amapikulitsidwa. Ena amapita ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ena ku Johannesburg, ena ku Dubai, ena mpaka ku Guangzhou kapena ku Yiwu m'dziko la China. Ena sapita n'komwe, amangotuma ejenti kuti agule n'kutumiza. Invoisi iliyonse muziisunga bwino, chifukwa pa boda akasitomu amawerengera msonkho potengera mtengo wa katundu ndi gulu limene katunduyo ali, ndipo invoisi ikasowa kapena akaikayikira, amaika mtengo wawo. Pamwamba pa msonkho pali thiransipoti, malo ogona, onyamula, ndi katundu wina amene amafika ataphwanyika. Zonsezi muziphatikize n'kuzigawa pa chinthu chimodzichimodzi musanatchule mtengo wogulitsira. Ambiri amene ndawaona akugwa ankangoyang'ana mtengo wopikulira wokha.

Koma chimene chimapha geni imeneyi kwambiri si msonkho ayi, ndi katundu wogona. Phindu lathu silichokera kwenikweni pa nsapato imodzi, limachokera pa kuchuluka kwa maulendo amene mpamba womwewo wazungulira m'chaka. Katoni ikakhala pakona miyezi itatu, fashoni yasintha, ndalama yakunja mwina yakwera, ndipo anzanu apita kale n'kubwerako. Ndiye chilichonse chimene chimatulutsa katundu msanga si chokongoletsera, ndi chida cha ntchito.

Masiku ano makasitomala ambiri salikhudza diresi asanalipire. Amaliona pa Status ya WhatsApp, pa Facebook, pa Instagram kapena pa TikTok, ndipo ena amatumiza dipoziti inu mukadali kutsidya kwa malire. Taganizirani chimene munthu ameneyo akudalira. Sanaone shopu, sanagwire nsalu, mwina inuyo sanakumane nanu. Ali ndi chithunzi cha katundu, komanso chikhulupiriro choti ndinu munthu weniweni amene sadzazimitsa foni ndalama zikangolowa. Zonse ziwirizi amazitenga pa zimene maso ake aona pa sikirini.

Chimene oyamba kumene amathamangira ndi zithunzi za wopikulitsa, zija amatumiza iye mwini kapena zotengedwa pa Alibaba, msika wopikulitsa katundu wa pa intaneti. Zimaoneka bwinodi, koma ine sindizifuna pa tsamba la munthu amene akufuna kukhalitsa pa geni. Chithunzi chomwecho chili kale kwa anthu ena ambirimbiri amene anaoda kwa munthu yemweyo, ndiye kasitomala alibe chifukwa chosankhira inu kupatula mtengo, ndipo mukayamba kupikisana pa mtengo wokha phindu limatha. Kasitomala wochenjera amachiika pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zinthu pogwiritsa ntchito chithunzi, n'kupeza komwe chinachokera, ndi mtengo wake womwe. Choipa kwambiri n'chakuti zithunzi zimenezo kawirikawiri zimakhala za sampulo yosokedwa mosamala, pomwe zimene zili m'katoni mwanu ndi zina. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene adzatukwanidwe kasitomala akatsegula phukusi ndi inu, osati fakitale.

Tsono n'chifukwa chiyani osangojambula nokha? Muzijambula ndithu, tsiku ndi tsiku, ndipo ndibwereranso pamenepo. Koma pali zinthu zimene katswiri amadziwa zimene ife ogulitsa timaziphunzira kasitomala atabweza kale katundu. Chachikulu ndi mtundu. Babu la m'nyumba lija lofiirira limatulutsa kuwala kwa pafupifupi 2700 pa muyeso wa Kelvin, woyezera mtundu wa kuwala, pomwe kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5500. Diso lathu limazolowera kusiyana kumeneku osazindikira, koma kamera ya foni imachita kungoganizira, kenako imawonjezera kuwala ndi kukoleza mitundu kuti chithunzi chikome. Mapeto ake diresi la buluu woderapo limaoneka lakuda, chikwama cha maruni chimaoneka chofiira, malaya oyera amaoneka achikasu. Mayi amene anaoda kuti agwirizanitse ndi nsapato zake za pa ukwati sadzamva zoti vuto linali babu. Katswiri amayamba wajambula kakhadi kotuwa kuti kamera idziwe mtundu weniweni, amasunga zithunzi mu RAW, kutanthauza zosafinyidwa monga kamera yazitengera, kuti azikonze popanda kuziwononga, ndipo amayika magetsi m'mbali kuti nsalu ioneke ngati ndi yokhuthala kapena yopyapyala, chikopa chioneke ngati n'chosalala kapena chokhakhala. Masikirini a mafoni amasiyanabe, zimenezo palibe angazithetse, koma kuyamba ndi mtundu woona kumachepetsa mikangano kwambiri.

China ndi kukula kwa chinthu. Foni mukaiyandikitsa kwambiri imapotoza maonekedwe: kutsogolo kwa nsapato kumatupa, kachikwama kakang'ono kamaoneka ngati kolowa laputopu. Wojambula wodziwa ntchito amabwerera m'mbuyo, ndipo amaonetsa chikwamacho chili paphewa pa munthu kuti wogula adziyerekezere yekha. Misika ikuluikulu ya pa intaneti imaikira malamulo nkhani imeneyi. Amazon, mwachitsanzo, imafuna kuti chithunzi choyamba cha katundu chikhale ndi kumbuyo koyera mbee, ndipo katunduyo adzaze malo osachepera 85 peresenti ya chithunzicho. Iwo amadziwa kuti chithunzi chosokoneza chimabweretsa katundu wobwezedwa.

Ndiye palinso chithunzi cha inu mwini, chimene ambiri amachita nacho manyazi. Ine ndimati pa geni ya madipoziti chimenechi n'chofunika kuposa cha katundu aliyense. Pa intaneti pali akuba ambiri amene amabisala kumbuyo kwa maluwa ndi ma logo, ndipo anthu anapsa nazo. Nkhope yanu yooneka bwino, mukuyang'ana kamera, komanso zithunzi zingapo mukulongedza maoda, mukuyeza nsalu kapena mukutsegula makatoni, zimauza munthu kuti pali wina amene angamufunse zinthu zikalakwika. Sindikunena zovala suti yobwereka n'kutsamira galimoto ya eni. Zimenezo zimathamangitsa makasitomala anzeru. Muoneke mmene mumaonekera tsiku labwino la ntchito.

Mukaganiza zolemba wojambula, musangomuuza kuti bwerani mudzandijambule. Muone kaye ntchito yake ya katundu, chifukwa wodziwa kujambula maukwati si onse amene amatha kujambula botolo la perefyumu popanda kuwala kunyezimira paliponse. Lembani mndandanda: katundu amene simusowa naye chaka chonse, aliyense kutsogolo, kumbuyo, m'kati, ndi pafupi pomwe pali zipi kapena msoko; zithunzi za inuyo; ndi zina zokhala ndi mpata wolembapo mtengo kapena uthenga. Mumuuze kumene zikagwire ntchito, chifukwa Status imafuna chithunzi chachitali cha 9:16 (mulifupi magawo 9, mulitali magawo 16), pomwe pa Instagram cha 4:5 chimakhala bwino. Akamatumiza, atumize ngati document kapena pa linki, popeza WhatsApp imafinya zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi.

Nkhani ya umwini muikambe musanalipire, ndipo ilembedwe. M'mayiko ambiri lamulo limati chithunzi ndi cha amene anajambula, ngakhale mwamulipira, pokhapokha mutagwirizana zina. Choncho pepala linene kuti mukhoza kuzigwiritsa ntchito pa intaneti, pa zikwangwani ndi pa mapaketi popanda kulipiranso. Ngati mwavalika munthu zovala zanu, nayenso avomereze polemba, ndipo akakhala mwana asaine ndi kholo. Mumuletsenso wojambulayo kufafaniza zilema za katundu pa kompyuta. Achotse fumbi ndi makwinya, koma msoko ukhale mmene ulili. Ndipo ngati katundu ali ndi dzina la kampani yotchuka koma si weniweni, chithunzi chabwino sichikuthandizani: Facebook ndi Instagram amachotsa malonda otere, ndipo akasitomu ali ndi mphamvu yolanda katunduyo pa boda.

Funso lanu loti kodi si kuwononga mpamba lili ndi nzeru pa mbali imodzi. Ngati ndalama imene muli nayo ikungokwanira ulendo woyamba, musaidule chifukwa cha situdiyo. Yambani ndi foni, pafupi ndi zenera, m'mawa, nsalu yoyera kumbuyo, fulashi yozimitsa, galasi la kamera lopukuta. Katswiri mumuitane mukadziwa katundu amene ndi wanu weniweni, amene mumabwereza kuoda. Kulipira kujambulitsa madiresi asanu amene atha sabata ino ndipo sadzabweranso n'kutaya ndalama. Koma zithunzi za katundu wokhazikika zimagwira ntchito nthawi yaitali. Status imafufutika pakatha maola 24, pomwe katalogi ya WhatsApp Business, imene inayamba mu 2019, imasunga zinthu mpaka 500 ndipo kasitomala amaziona usiku inu muli m'basi. Tsiku lojambulalo muziyang'anitsitsanso mmene akuyikira kuwala ndi pamene akuima, mufunse mafunso, chifukwa zithunzi zanu za pa foni zidzasintha kuchokera tsiku lomwelo.

Foni ili ndi ntchito inanso pa ulendo imene katswiri sangakuchitireni. Jambulani katundu asanalongedzedwe, makatoni atamatidwa ndi zolemba zake, invoisi, ndi lisiti ya wonyamula. Katoni ikafika yong'ambika kapena yoperewera, umboni wanu ndi umenewo. Kavidiyo kafupi muli pamalo opikulira kamathandizanso amene anapereka dipoziti kuti mtima ukhale m'malo.

Kuti mudziwe ngati wojambula anabweza ndalama yake, musawerenge ma like. Lembani m'kope masiku amene katundu wa ulendo uliwonse watenga kuti athe, ndi kuchuluka kwa amene abweza kapena kudandaula kuti sizikufanana ndi chithunzi, kenako muyerekeze maulendo a kale ndi a pambuyo pojambulitsa. Ndalama ya wojambulayo muigawe pa katundu monga mumachitira ndi thiransipoti. Mundiuze ngati mukuyamba ndi zovala, nsapato kapena zodzola, chifukwa kajambulidwe kake ndi msonkho wake zimasiyana, ndikufotokozereni za gulu lanulo.