X-Trail ya ku Ngabu ndi chitunda cha Thabwa

Mayi wina wophunzitsa ku Ngabu wandilembera kuti wapeza Nissan X-Trail ya 2010 yomwe yayendapo kale kuno kwathu. Akufuna kudziwa zomwe zimavuta pa galimoto zotere, ndiponso kuti kukonzetsa kumadya ndalama zotani.

Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa ambiri amene amakulangizani za galimoto amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe kumazizira. Kuno kuchigwa nkhani ndi ina. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye aliyense wopita ku Blantyre amayenera kukwera chitunda cha Thabwa. Galimoto yobisa matenda imaulula pamenepo.

Yanga ndi RAV4 yomwe ndinagula kwa bambo wina wa ku Nchalo. Pamsewu wa Bangula inkayenda bwinobwino. Tsiku lina m'chilimwe ndinatenga mayi anga kupita nawo kuchipatala ku Blantyre. Titawoloka mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukhota m'mapiri muja, muvi wa kutentha unayamba kukwera. Ndinazimitsa AC, ndinatsegula mawindo, koma ayi ndithu, nthunzi inayamba kutuluka kukamwa kwa boneti. Mayi anga, odwala chomwecho, anakhala pamwala atafunda chitenje kumutu, malole akudutsa akulira ndi katundu, mpaka munthu wachifundo anawatenga. Makaniko atachotsa ladiyeta anandionetsa mkati: munali zoyera zoumirira ngati m'ketulo yomwe yakhala ikuwiritsa madzi apamjigo, timipata tambiri titatsekeka. Mwini wake wakale ankathiramo madzi amchere athu omwewa m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsa injini. Thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira yamadzi malinga ndi kutentha kwa injini, nayo munalibe, wina anaichotsa kalekale.

Apa ndiye pamandipweteka. Amakaniko ambiri kuno amati galimoto ya kuchigwa siifunika thermostat, ndipo amaizula n'kuitaya. Ine ndikuti limeneli ndi bodza lomwe latha injini zambiri. Galimoto ikamatentha, nthawi zambiri ndiye kuti ladiyeta yatsekeka, fani yafooka, chivindikiro cha ladiyeta chatha kapena pampu yamadzi yatopa. Kuzula thermostat kumangobisa vutolo kufikira tsiku lomwe head gasket, chomatira mutu wa injini ku thunthu lake, idzapse. Ikapsa, mutu wa injini umapindika, ndiye muutumize ku Blantyre akaupale, mulipire gasket, mulipire makaniko, mulipirenso wokoka galimoto. Zonsezi chifukwa cha botolo la coolant lomwe munthu anaona ngati n'kuwononga ndalama. RAV4 ya injini ya 2.4 ilinso ndi khalidwe lake lomwa oyilo ikakalamba, moti ine sindidutsa sabata osasolola dipstick yoonera mlingo wa oyilo.

Koma inu mwatchula X-Trail, ndipo mantha anga enieni ali pa giyabokosi. Zambiri zochokera ku Japan za zaka zimenezo zili ndi CVT, yomwe imayendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya amano. CVT imadana ndi kutentha, imadananso ndi kukwera phiri itasenza katundu. Oyilo wake ndi wapadera, NS-2, koma anthu amathiramo ATF, oyilo wa magiyabokosi wamba a otomatiki, chifukwa ndi amene amapezeka pa Dyeratu. Ikayamba kufa imalira mokhala ngati ikuimba mluzu, imanjenjemera ponyamuka, pena injini imakuwa koma galimoto osathamanga. Amakaniko athu ambiri saitsegula n'komwe, amangoti gulani ina. Inayo ndi yakaunjika ya ku Limbe, yomwe simudziwa kuti idayenda bwanji. Pa zonse zomwe zingafe pa galimoto imeneyi, palibe chodula kuposa chimenechi.

Ndisaiwale za madzi osefukira. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anamiza galimoto zambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo zina zinatsukidwa n'kuyamba kugulitsidwa. Kwezani kapeti, pisani dzanja pansi pa mipando, yang'anani m'malo mwa sipeyala tayala. Mukapeza dothi lamakande louma kapena dzimbiri pa njanji za mipando, chokanipo. Mawaya omwe anamwa madzi amavuta mwapang'onopang'ono, lero windo, mawa magetsi, ndipo palibe amene amawathetsa. Zimandiwawa kuona munthu wolandira malipiro aboma, amene wasunga zaka zambiri kapena kutenga ngongole ku SACCO, akugulitsidwa galimoto yotere ndi mnzake wopemphera naye.

Zam'munsi monga ma shock, ma bush ndi mphira za ma CV joint zimatha msanga ngati mumayenda njira za ku East Bank kapena kulowera ku Chapananga, koma zimenezo n'zopirira. Zimapezeka, ndipo makaniko wa pa Nchalo amazisintha tsiku limodzi. Mitengo ya zipangizo imatsatira kwacha, ndipo chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera, choncho imbirani ogulitsa ku Limbe mumve mtengo wa lero wa giyabokosi ndi ladiyeta musanapereke ndalama.

Nanga mugule?

Ine ndikanasankha Honda CR-V ya 2007 mpaka 2011, yomwe giyabokosi yake ndi yamagiya wamba, ngakhale kompuresa ya AC imaivuta. Ngati mtima uli pa X-Trail, uzani mwini wake kuti mukwere nayo Thabwa masana, AC ikuyaka, anthu atadzaza, makaniko wanu ali pambali. Akakana, musagule. Akalola n'kukwera bwino, sinthani oyilo wa CVT ndi coolant sabata yomweyo, ndipo pa ndalama zomwe muli nazo musapereke zonse kwa wogulitsa. Gawo limodzi mwa magawo asanu litsale la kugalaja.