Mayi a ku Area 25, mloleni mwanayo achite zisudzo

Mayi, mwafunsa ngati mumulole mwana wanu wa Fomu 3 kulowa kalabu ya zisudzo kusukulu kwawo, poti bambo ake akukana. Akuti zisudzo zimalowereretsa atsikana, komanso masewero akalekale a azungu sangamupindulire kanthu. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Lilongwe ndipo ndimayang'anira kalabu yotereyi. Ndikuti mloleni, koma diso lanu likhale pomwepo.

Ndiyambe ndi zoti masewerowo ndi achilendo. Mu Romeo and Juliet, amene Shakespeare analemba zaka zoposa 400 zapitazo, Juliet sanakwane n'komwe zaka 14, koma bambo ake amupezera kale mwamuna, ndipo atakana akumuopseza kuti amuthamangitsa pakhomo akafere kumsewu. Chachilendo n'chiyani pamenepa? Kuno kwathu lamulo loti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18 linabwera mu 2015, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Atsikana amene ndimaphunzitsa ali ndi anzawo amene anasiyira sukulu ku pulayimale chifukwa cha nkhani yomweyi. Tikafika pagawo limeneli sindivutika n'kufotokoza, amayamba okha kutsutsana.

Lina limene ndimalikonda kwambiri ndi Antigone, la Sophocles wa ku Greece, lolembedwa zaka zoposa 2,400 zapitazo. Mfumu yalamula kuti mtembo wa mchimwene wake wa mtsikana wotchedwa Antigone usaikidwe m'manda, iye n'kupita kukauthira dothi akudziwa kuti chilango chake ndi imfa. Ndipo mfumuyo si munthu wapadera ayi, ndi atsibweni ake enieni, mlongo wa mayi ake. Inu mukudziwa kulemera kwa atsibweni pakati pathu, eni mbumba. Mwana wachichewa amamva msanga kuti kuima pamaso pa munthu wotere n'kunena kuti "apa mwalakwa" si chinthu chamasewera.

Phindu lenileni lagona apa. Ana athu aakazi tinawalera kuti munthu wamkulu akamalankhula aziyang'ana pansi, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino. Koma mwana yemweyo tsiku lina adzakumana ndi mphunzitsi womufunsira, kapena bwana wonena kuti ntchito ilipo koma tikumane madzulo. Kukana kumafunika kuphunzira, ndipo m'sewero amakuyeserera popanda choopsa, chifukwa mawuwo ndi a Antigone, si ake. Tikamakonzekera timakankhira madesiki kukhoma, ine n'kukaima panja kuseri kwa zenera. Mtsikana watsopano amayamba akufinya nsonga ya siketi, mawu akuthera pachifuwa. Ndimangoti, "Sindinamve, bwereza." Amaphunzira kupuma mpweya kuchokera m'mimba, kuponda pansi ndi mapazi onse awiri, kumuyang'ana mnzake m'maso mpaka chiganizo chithe. Pofika kumapeto kwa teremu, yemwe uja ndi amene amakweza dzanja m'kalasi. A bungwe la Theatre for a Change, omwe ali konkuno ku Lilongwe, ntchito yawo ndi atsikana ndi amayi yatsamira pa nzeru yomweyi: sewero amaliimitsa pakati, woonerera n'kulowa kuti asonyeze mmene iye akanayankhira.

Bambo ake ngati akudera nkhawa mayeso, muwauze kuti masewero a Shakespeare, monga Macbeth, akhala akufunsidwa pa MSCE kwa zaka zambiri, ndipo mwana amene wasewerapo gawo saliiwala ngati woloweza manotsi.

Zoti zisudzo n'za atsikana olowerera zimandipweteka mtima. Gertrude Kamkwatira anasewera m'gulu la zisudzo la Wakhumbata la Du Chisiza Jr, analitsogolera mwini wake atamwalira mu 1999, kenako anayambitsa gulu lake la Wanna-Do, ndipo ankalemba yekha masewero mpaka pamene anatisiya mu 2006. Joyce Mhango Chavula anayambira pa zisudzo asanatchuke ndi mafilimu. Ambiri mwa akatswiri athu anatulukira m'mipikisano ya zisudzo ya masukulu yokonzedwa ndi ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo ku University of Malawi ku Zomba anthu amaphunzira zisudzo mpaka kutenga digiri.

Komabe bambowo musawatsutse zonse, pali pamene akunena zoona. Choipa chikachitika sichichokera m'sewero, chimachokera kwa akuluakulu osadziletsa ndi kusowa dongosolo. Pitani kusukuluko mukaonane ndi patironi wa kalabuyo maso ndi maso. Mufunse kuti amayeserera masiku ati, amaweruka nthawi yanji, chifukwa mwana sayenera kumadikira minibasi kapena kabaza kutada. Mufunse ngati pali mphunzitsi wamkazi amene amakhalapo, makamaka pa maulendo ogona konko. Akakuuzani kuti pali kuyeserera kwapadera kwa mwana mmodzi kunyumba kwa munthu, kanani pomwepo osachita manyazi. Kalabu yolongosoka siikwiya makolo akamafunsa zimenezi.

Mufunsenso chinthu chimene makolo ambiri sachiganizira: mwanayo akupatsidwa mbali yanji? Ndaona makalabu amene anyamata ndiwo amalemba ndi kutsogolera, atsikana n'kumangopatsidwa mbali ya mayi wolira pamaliro kapena kusesa bwalo la masewero. Zimenezo sizimukweza mwana. Alimbikire kupempha mbali yolankhula zambiri, ayesenso kulemba kagawo kake m'Chichewa ndi kuwongolera anzake.

Gwirizanani ndi bambo ake kuti ayese teremu imodzi, inu mukuyang'anira magiredi ake. Tsiku loonetsa sewero likakwana, muwatenge bambowo akaonere okha, kenako mudzakambirane za teremu inayo onse atatu.